Shuga wa bulauni, uchi, "zero" kapena kuchepetsa supuni: njira iti ikuthandizadi?

Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje tiyi ndi wathu. Timalima tokha, timathyola tokha, ndipo chiperoni chikagwa mu June ndi July ketulo siichoka pamoto. Koma kunena zoona, ambiri aife chimene timafuna m'kapumo si kukoma kwa masamba ayi, ndi shuga. Dzakhaleni m'tiyirumu pa Chitakale kapena pa Luchenza m'mawa wa tsiku la msika muone. Kapu ndi yaikulu ija ya pulasitiki. Supuni imalowa m'mbale n'kutuluka itasenza phiri, kawiri, katatu, munthu n'kulawa, n'kukwinya nkhope pang'ono, n'kuwonjezera kachinayi. Akamaliza kumwa, pansi pa kapu pamatsala phala la shuga wosatakasika, ena n'kulikokota ndi chidutswa cha ndasi.

Masiku ano anthu ayamba kuchita mantha. Uyu malume ake anadulidwa phazi, uyu wauzidwa kuchipatala kuti thupi lachuluka ndipo BP yakwera, winayu mwana wake wa sitandade 2 mano akutsogolo awola kale. Manthawo ali ndi chifukwa. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pa Amalawi 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi matenda a shuga, ndipo munthu mmodzi mwa atatu anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. Ndiye aliyense wagwira njira yake. Wina wayamba shuga wa bulauni, wina uchi, wina zakumwa zopanda shuga zolembedwa "zero", wina walumbira kuti shuga sadzamulawanso. Njirazi sizipindula mofanana, ndipo zina zimangotonthoza mtima, thupi osapindula kanthu.

Tigwirizane kaye muyezo. Mu 2015 WHO inalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya cha tsikulo. Kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50, kapena kuti timasupuni tating'ono 12 tosadzaza phiri, popeza kasupuni kamodzi kosalaza ndi magalamu 4. Inanenanso kuti wokwanitsa kutsika mpaka theka lake, timasupuni 6, apindula koposa. Vuto n'lakuti palibe amene amasalaza supuni pothira. Ya phiri imanyamula pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndipo m'nyumba zambiri supuni imene ili m'chitini cha shuga ndi yaikulu yodyera phala, imene ndi timasupuni titatu. Makapu awiri a tiyi wa masupuni atatu a phiri, basi muyezo wa tsiku lonse watsala pang'ono kutha, phala lisanathiridwe, botolo lisanatsegulidwe.

Ngati kuwerenga masupuni kukuvuta, werengani paketi. Banja la anthu 5 likamamaliza paketi ya kilogalamu imodzi m'masiku 4, aliyense ali kale pa magalamu 50. Paketiyo ikamafika masiku 8, muli pa muyezo wotsika uja, bola ngati simukumwa wina kunja. Ana ayenera kukhala pansi pa pamenepo, chifukwa matupi awo ndi aang'ono.

Kusintha mtundu wa shuga

Iyi ndi njira imene anthu amaikonda kwambiri, chifukwa tiyi amatsekemerabe monga kale. Ndiyonso yopindula pang'ono kuposa zonse.

Shuga wa bulauni ndi woyera onse amachokera ku nzimbe zomwezo za ku Nchalo, ku Dwangwa kapena ku Salima. Wa bulauni wangotsala ndi timadzi takuda ta nzimbe pang'ono, amene amamupatsa mtundu ndi kafungo. Mchere wa m'thupi umene uli m'timadzi timeneto ndi wochepa kwambiri moti kuti mupindule nawo mungafunike kudya shuga wochuluka mopweteketsa. Akalowa m'mimba, thupi silisiyanitsa. Gulani amene mumamukonda kapena amene watchipa, koma osati poganiza kuti mwadziteteza.

Uchi ndiwo umapusitsa anthu ambiri, makamaka ku Mulanje kumene alimi a njuchi m'mphepete mwa phiri amakolola uchi wabwino ndithu. Uchi ndi chakudya chenicheni, umakoma, ndipo supuni yake imafewetsa chifuwa chokanda pakhosi. Koma magawo pafupifupi 8 mwa 10 a uchi ndi shuga, ndipo popeza ndi wolemera, kasupuni kake kamanyamula shuga wochuluka kuposa kasupuni ka shuga wouma. WHO imauwerengera mu muyezo womwe uja wa timasupuni 12. Phindu lake lili pamodzi pokha: umatsekemera kwambiri ndiponso ndi wodula, ndiye dzanja limaumira pothira. Mukathira theka la supuni m'malo mwa masupuni atatu a shuga, mwapindula, koma chimene chakupindulitsani ndi kuchepetsako. Wodwala matenda a shuga amene akumwa uchi ngati mankhwala akudzipweteka. Ndipo mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi ngakhale dontho, chifukwa nthawi zina umakhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangathe kulimbana nato.

Nzimbe ili pakatikati. Madzi ake ndi shuga yemweyo asanaumitsidwe ku fakitale. Chimene chimaipulumutsa ndi ntchito yosenda, kutafuna ndi kulavula, imene imatopetsa nsagwada munthu asanamwe wambiri. Mfundo ziwiri zitatu pobwera kumunda si nkhani. Madzi a nzimbe ofinyidwa pa makina n'kudzaza tambula ndiye alibe kusiyana ndi zam'botolo.

Zotsekemera zopanda shuga

Zakumwa za "zero" ndi timapilisi tothira mu tiyi timene timapezeka m'mafamase a ku Limbe ndi ku Blantyre zimatsekemera ndi mankhwala monga aspartame, sucralose kapena stevia. Sizikweza shuga m'magazi monga amachitira shuga weniweni. Kwa munthu amene anapezeka kale ndi matenda a shuga, ali pa ukwati kapena pa chinkhoswe pamene aliyense wagwira botolo, "zero" ndi yabwino kuposa Fanta wamba, palibe kutsutsa.

Ena anachita mantha mu July 2023, bungwe la WHO lofufuza za khansa litaika aspartame m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa. Umboni wake unali wochepa, ndipo akatswiri oona za chitetezo cha zakudya sanasinthe muyezo wakale wa mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Munthu wolemera makilogalamu 70 angafunike kumwa zitini zoposa 9 mpaka 14 tsiku lililonse kuti aupitirire. Ine chimene chimandikayikitsa ndi china. Mu May chaka chomwecho WHO inalangiza kuti anthu amene alibe matenda a shuga asadalire zotsekemerazi pofuna kuchepetsa thupi, chifukwa pakapita zaka phindu silioneka. N'zomveka: lilime limazolowerabe kutsekemera kwambiri, ndiye tsiku limene "zero" yasowa pa golosale ya ku Thekerani, munthu amangotenga imene ilipo. Asidi wa m'zakumwazi amadyanso mano ngakhale mulibe shuga. Ndalama yake ndi yomweyo. Ndi njira yowolokera, osati yokhalapo.

Kusiyiratu lero lomwe, kapena kutsika pang'onopang'ono

Alipo anthu a mtima wolimba amene amangoti kuyambira mawa tiyi wopanda shuga, n'kukwanitsadi. Thupi silivulala nazo, chifukwa nsima, mbatata, chinangwa ndi mpunga zonse zimasanduka shuga m'magazi, ndipo palibe munthu wathanzi amene angakomoke chifukwa chosathira shuga mu tiyi. Masiku oyamba tiyi amawawa, munthu amakhala wokwiyakwiya, kenako zimadutsa. Amene adokotala amuuza kuti shuga wake wakwera alibe nthawi yonyengerera, njira yake ndi imeneyi. Koma ambiri amene amalumbira chonchi pa 1 January, pofika pa Isitala amakhala atabwerera ku masupuni awo atatu, nthawi zina anayi.

Kutsika pang'onopang'ono kulibe ulemerero, komabe ndiye njira imene ndingauze mbale wanga. Yambani ndi kusintha supuni: chotsani yaikulu m'chitini, ikanimo yaing'ono. Kenako salazani phiri lija. Pakatha sabata ziwiri chotsani theka la supuni, pakatha zina ziwiri theka linanso. Lilime limasintha, ndipo amene watsika kufika pa supuni imodzi akapatsidwa tiyi wa masupuni atatu kwa anzake amalephera kumumaliza. Amene anakakamizika kuchepetsa shuga atasowa m'masitolo mu 2024 anazionera okha kuti n'zotheka.

Zinthu ziwiri zimathandiza kwambiri panjirayi. Choyamba ndi kaphikidwe. Tiyi wathu timamuwiritsa m'ketulo mpaka kuda bii, kuwawa kwake n'kumafuna shuga wambiri woti akuphimbe. Wiritsani madzi okha, phulani, thirani masamba, dikirani mphindi zitatu kapena zinayi, sefani. Tiyi wotero amanunkhira ndipo sawawa. N'zomvetsa chisoni kuti masamba a ku Satemwa ndi ku Lujeri amakamwedwa kunja kwa dziko ndi anthu ofuna fungo lake, pamene ife eni ake timalikwirira. Mkaka wa ng'ombe, umene ku Bvumbwe ndi madera ena a Thyolo susowa, umafewetsa kuwawako. Jinja kapena kachidutswa ka ndimu zimachitanso chimodzimodzi. Chenjerani ndi ufa woyeretsa tiyi umene si mkaka weniweni. Werengani papaketi, mupeza kuti wambiri chinthu choyamba kulembedwa ndi glucose syrup, amenenso ndi shuga.

Chachiwiri ndi kuleka kuthira shuga m'ketulo kapena mu fulasiki ya banja lonse. Kuphikira pamodzi kumachititsa kuti mwana wa zaka zitatu amwe muyezo wa agogo ake aamuna. Shuga akhale patebulo, aliyense athire yekha, ana muwathirire ndinu. Alendo nawo asankha okha, ndipo palibe amene angapite akunena kuti kwa aujeni amaumira.

Botolo

Mukati musankhe chinthu chimodzi chokha choti musinthe, sankhani ichi. Coca-Cola wamba ali ndi magalamu pafupifupi 10 ndi theka a shuga pa mamililita 100 alionse. Botolo la galasi la mamililita 300 ndi timasupuni pafupifupi 8, ndipo la pulasitiki la mamililita 500 lokha lapitirira kale muyezo wa tsiku lonse. Palibe amene angathire masupuni 13 m'kapu ya tiyi anthu akuona, koma m'botolo timamwa osaphethira, chifukwa kuzizira, mpweya ndi asidi zimabisa kutsekemerako. Frozy wolowera pa Muloza, Sobo wosungunula mokhuthala, zakumwa zopatsa mphamvu zimene anyamata a kabaza amakonda, mafirizi a ana pageti la sukulu, maheu a m'sitolo, juwisi wa malambe ndi wa chidede wogulitsa m'timabotolo, zonsezi zili m'gulu limodzi ngakhale muyezo umasiyana.

Shuga wakumwa ndi woopsa kuposa wa m'chigumu pa chifukwa chosavuta kumva. Amalowa m'magazi mwachangu, kapamba n'kutulutsa insulin yambiri nthawi imodzi kuti amutsitse, koma mimba siimva kuti yadya. Munthu akamwa botolo masana amadyabe mitanda yake ya nsima yonse. Zotsalazo thupi limazisunga ngati mafuta, makamaka pamimba ndi m'chiwindi, ndipo mafuta amenewo ndi amene pakapita zaka amachititsa thupi kuleka kumvera insulin. Umo ndi mmene matenda a shuga a akuluakulu amayambira kwa ambiri. Si shuga yekha amene amawabweretsa. Mtundu wa kwanu, msinkhu, kunenepa ndi kukhala pansi tsiku lonse zonse zili ndi gawo, n'chifukwa chake mungaone wokonda zotsekemera ali bwinobwino pamene wina wosamala wadwala. Koma mtundu simungausinthe, botolo mungathe.

Mano nawo amawerenga kangati, osati kuchuluka kokha. Tizilombo ta m'kamwa timasandutsa shuga kukhala asidi nthawi iliyonse imene wadutsa, ndiye mwana amene akuyamwa firizi m'mawa, switi pa buleki, Sobo madzulo, mano ake sapuma. Kuli bwino adye chotsekemera chake kamodzi, pamodzi ndi chakudya, n'kutsuka mkamwa.

M'malo mwa botolo mumwe chiyani? Madzi, ndithudi, ndipo tiyi wa supuni imodzi. Thobwa lili ndi nkhani yake. La pakhomo lotsekemera ndi chimera chokha limakhutitsa ndipo ndi chakudya, ngakhale wodwala matenda a shuga ayenera kulimwa mochepa popeza ufa ndi chimera zimakweza shuga m'magazi. La pamsika nthawi zambiri amalithira shuga wambiri kuti ligulike msanga. Chambiko chosathira shuga n'chabwinonso. Ubwino wina wa njira imeneyi ndi wakuti ndi yokhayo imene imakubwezerani ndalama yooneka. Werengerani nokha mtengo wa botolo limodzi kuchulukitsa ndi masiku 30.

Zipatso

Apa tili ndi mwayi umene anzathu a m'tauni amaulipira modula. Zinanazi za ku Mulanje, nthochi, mapapaya, magwafa, mango ndi mapeyala zili m'mbali mwa msewu kuyambira pa Bvumbwe mpaka pa Limbuli. Shuga wa m'chipatso chathunthu sawerengedwa mu muyezo wa WHO uja, chifukwa amabwera atakulungidwa m'zotafuna zimene zimachedwetsa kulowa kwake m'magazi ndiponso zimakhutitsa. Mukachifinya n'kutaya zotsalira, madziwo amawerengedwa ngati shuga wothira, ngakhale papaketi atalemba kuti ndi chipatso chokhachokha. Chinanazi chodula m'zidutswa ndi chabwino kuposa tambula ya juwisi wake. Wodwala matenda a shuga asaleke zipatso, angochepetsa muyezo: bango limodzi osati beseni, nthochi imodzi osati phava. Peyala ndi gwafa ndiye zilibe vuto kwenikweni.

Pali mawu amene ndimamva kwa makolo, akuti shuga wa ku Malawi amathiramo vitamini A ndiye ana ayenera kumudya. N'zoona kuti amathiramo. Boma linasankha shuga chifukwa amafika pafupifupi nyumba iliyonse, osati pofuna kuti tiwonjezere supuni. Vitamini yemweyo ali m'mafuta ophikira, m'mango, m'papaya, m'maungu, m'masamba obiriwira ndi m'mbatata yofiira mkati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere. Phala la mwana wosakwana zaka ziwiri silifunika shuga. Nsinjiro, nthochi yokanya kapena mbatata yofiirayo zimalikometsa mokwanira, ndipo mwana amene sanazolowere shuga samufunsa.

Si onse amene ayenera kutsata mofanana

Mayi amene amayamba kuthyola tiyi m'bandakucha, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno, amagwiritsa ntchito mphamvu zambiri kuposa kalaliki wa muofesi ya esiteti yomweyo. Kwa iye kapu ya tiyi wotsekemera ndi mphamvu yotchipa imene ilipo, ndipo sindingamudzudzule. Chimene ndingamuuze n'chakuti mphamvu ya shuga siichedwa kutha, pamene mbatata yophika, chinangwa, mtedza kapena kalongonda wotsala dzulo zimagwira m'mimba mpaka masana. Amene ayenera kudziyang'anira kwambiri ndi amene ntchito yawo ndi yokhala: wa m'golosale amene firiji ili pambali pake, dalaivala wa minibasi ya Limbe ndi Muloza, mphunzitsi, abusa amene nyumba iliyonse imene ayendera imawalandira ndi botolo. Amenewa akachotsa botolo n'kutsitsa tiyi kufika pa supuni imodzi, achita zambiri kuposa amene wagula uchi wodula.

Amene anapezeka kale ndi matendawa asaganize kuti nkhani yathera pa tiyi. Nsima ya ufa woyera, buledi, mpunga ndi mandasi zimakweza shuga m'magazi kwambiri. Mgaiwa ndi wabwinoko, koma muyezo wa mitanda ndi kuchuluka kwa ndiwo zamasamba ndi nyemba m'mbale ndi zimene zimasintha zinthu. Palibe njira iliyonse mwa zimenezi imene ingalowe m'malo mwa mankhwala a kuchipatala.

Ngati muli ndi ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi usiku, mukuwonda osadziwa chifukwa, maso akuchita chidima kapena chilonda sichikupola, kayezetseni. Pa zipatala za boma za Thyolo ndi Mulanje, ku Malamulo ndi ku Mulanje Mission amayeza ndi kadontho ka magazi a pachala. Pitani m'mawa musanadye. Makina akaonetsa 7.0 kapena kuposa, kapena 126 pa makina owerenga mwa mtundu wina, adzakuuzani kuti mubwerenso kuti atsimikize. Wazaka zoposa 40, wonenepa pamimba kapena amene kwawo alipo wodwala matendawa asadikire zizindikiro.

Pali nthawi ziwiri zimene shuga ndi mankhwala, ndipo pamenepo musamuchepetse. Munthu amene amabaya insulin kapena kumwa mapilisi otsitsa shuga a glibenclamide akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kusokonezeka mutu, shuga wake watsika kwambiri. Ngati akutha kumeza, mpatseni msanga timasupuni 3 kapena 4 ta shuga m'madzi, kapena theka la botolo la chakumwa wamba osati "zero", kenako adye chakudya. Ngati wakomoka musamuthire kanthu mkamwa, thamangirani naye kuchipatala. Nthawi ina ndi ya mwana wotsegula m'mimba. Thanzi ORS amakhala ndi shuga wa muyezo wake amene amathandiza matumbo kuyamwa madzi ndi mchere, ndiye sungunulani paketi yonse mu lita imodzi ya madzi abwino monga alembera, osachotsera, osawonjezera, ndipo musamupatse Fanta kapena Sobo m'malo mwake chifukwa zimenezo zimawonjezera kutsegulako.